Bwana, munagula puloti, nyanja simunagule

M'mphepete mwa nyanja ya Malawi mwabuka mtundu wa munthu umene ndikufuna tionane nawo lero maso ndi maso. Si msodzi. Si mlendo wodzaona dziko. Nthawi zambiri sakhalako n'komwe. Kwawo ndi ku Namiwawa, ku Nyambadwe kapena ku Area 43, ena ku Johannesburg ndi ku London. Kunyanja amangotulukira pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, galimoto itadzaza mowa ndi nyama yokaotcha.

Iye akabwerera kutauni, mpanda wake umatsala.

Ndikunena bwana wa mpanda. Uja amapita kwa amfumu kukada, kugula kachigawo ka gombe, kumangapo koteji, kenako n'kuyendetsa khoma kuchokera kumsewu mpaka kukalimiza m'madzi, kuti ngakhale mwana wopirikitsa mbuzi asaponde mchenga wa kutsogolo kwake. Pamwamba pa khomalo mabotolo oswa kapena waya wamagetsi. Pageti mlonda, galu, ndi chikwangwani cha m'Chingerezi choopseza anthu amene agogo awo anabadwira pomwepo.

Bwana, pepani ndifunse nawo. Puloti tamva kuti munagula. Nanga nyanjayo anakugulitsani ndani? Risiti yake ilipo?

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza akwere minibasi pa Mangochi boma yolowera ku Monkey Bay. Awerenge zikwangwani kuyambira ku Namiasi, ku Makawa, ku Nkopola mpaka ku Nkhudzi Bay. Atsike, atsate tinjira tolowera kumadzi, aone kuti ndi tingati tikathera pamchenga ndipo ndi tingati tikathera pageti. Akamaliza akayesenso ku Senga Bay ku Salima. Nyanja yotalika makilomita oposa 500, koma eni ake akuisuzumira pampata wa pakati pa khoma ndi khoma ngati akuba.

Ndamva kale zimene wina wayamba kung'ung'udza. Iwe wa ku Njuli, kwanu n'kumiyala ndi fumbi la kwale, za nyanja zakukhudza pati? Ngalawa unaikwerapo iwe?

Zandikhudza mumphika.

Usipa umene amayi akugula pamulu pamsika wa Njuli sutsika m'phiri la Chiradzulu. Anyamata amaukola usiku ndi chilimira atayatsa nyali. Kukacha ngalawa imafuna pokocheza. Khoka ndi matchera zimafuna poyanika ndi posokera. Nsombayo imafuna mathandala oiumitsira dzuwa lisanaiononge, ndipo wogula amafuna poimika galimoto yoti aipititse ku Limbe, isanafike kuno. Zonsezi zimachitikira pamchenga. Bwana mmodzi akatseka doko, asodzi a pamenepo sasanduka nthunzi ayi. Amakapanikizana padoko la anzawo, mathandala n'kusunthira kutali ndi madzi, mtengo wa zonsezo n'kukathera pa mayi wa kuno amene akudabwa kuti mulu wachepanso bwanji. Zochepetsa mulu n'zambiri, inde, koma mpanda uli m'gulu lomwelo.

Zandikhudzanso chifukwa msewu wa kunyanja umadutsa pakhomo pathu. Imani pa Njuli pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, kunja kusanayere. Mabasi ndi maminibasi ochokera ku Blantyre amangondondozana, nyimbo zikutuluka m'mawindo. Athu akunonso amanyamuka: amayi a Mvano, a kwaya, a banki m'khonde, ana asukulu ndi aphunzitsi awo. Amasonkha kwa miyezi. Amasoketsa chitenje chofanana. Usiku wake amachezera kuphika mpunga ndi nkhuku, thobwa n'kuthira m'zigubu. Namadzi, Thondwe, Zomba, Domasi, Machinga, kuoloka Shire pa Liwonde, Ulongwe, thukuta lili kamukamu, mpaka wina kukuwa kuti madzi aja ndi awo.

Kenako geti.

Ndinaziona ndi maso anga, ndipo sizichoka m'mutu. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake, kope lili m'manja. "Mwabukitsa? Kulowa n'kulipira, mutu uliwonse, ana omwe. Zakudya zanuzo zitsale m'galimoto, zogula zili m'katimu." Amayi anayang'anana. Msungichuma anamasula mfundo ya pachitenje, kuwerenga, kuwerenganso, n'kupukusa mutu. Geti lachiwiri, mawu omwewo. Lachitatu panalibe ngakhale wolankhula naye, galu yekha. Pamapeto pake dalaivala anawatengera padoko la asodzi, pakati pa maukonde ndi mamba a nsomba, popanda mthunzi, popanda chimbudzi, popanda posinthira. Amayi anayi anagwira zitenje kupanga mpanda wawo kuti anzawo avule. Agogo ena amene anali asanaionepo nyanja chibadwire anangolowa mpaka m'mawondo, kutunga madzi ndi manja n'kusamba kumaso.

Mlonda uja sindimuda. Malankhulidwe ake anali a komweko. Sindingadabwe nditamva kuti mayi ake ankatsuka mapoto pamalo pomwe iye akubwezapo anthu lero. Njala ndiyo yamuimika pageti.

Koma chachikulu chimene chandikhudza ndi mbiri. Ife a ku Chiradzulu nkhani ya mpanda sitiimva kwa anthu. Magomero ali pafupi pompa. M'zaka za m'ma 1890 azungu anayenda m'mapiri ano kugula malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, boma la Harry Johnston n'kuwapatsa zikalata zotsimikiza kuti malowo ndi awo. Anthu anagona ali eni nthaka, n'kudzuka ali alendo pa esiteti ya A. L. Bruce, akulipira thangata kuti akhale pamene panakwiriridwa michombo yawo. Zimene zinatsatira mu Januwale 1915, John Chilembwe ndi anthu ake atanyamuka ku Mbombwe, mwana aliyense wa pulayimale amazidziwa.

Nkhope ya Chilembwe tinaiika pandalama. Ndalama yomweyo ndi imene lero ikugula gombe kwa amfumu, mumdima, mwa njira yomwe ija: mfumu, mphatso, pepala, mpanda. Chasintha ndi khungu la wogula. Ambiri mwa omanga makoma kunyanja ndi ife tomwe: akuluakulu a m'boma, andale, a bizinesi, makampani ofuna popumulira mabwana awo. Pa 15 Januwale amavala suti kubwera ku PIM, ku Mbombwe kuja, kudzatamanda munthu amene anafera nthaka ya anthu wamba, mwambo ukatha n'kulunjika kukoteji.

Thangata ija tinaithetsa kapena tinangoisamutsira kunyanja?

Bwana wa mpanda ali ndi yankho lake, ndipo amalinena mokweza. Ndinagula ndi ndalama zanga, ndili ndi lizi, mapepala onse ndi osainidwa ku Unduna wa za Malo.

Chabwino, bwana. Tulutsani lizi imeneyo tiwerengere limodzi. Tione pamene mabikoni anu athera. Tione ngati pali mzere wonena kuti mchenga umene mafunde amanyambita ndi wanu, kuti madzi a kutsogolo kwanu ndi anu, kuti chambo chodutsa pamenepo chiyambe chapempha kwa mlonda. Gawo 207 la malamulo oyendetsera dziko lino limati nthaka yonse ya Malawi ili m'manja mwa dziko. Lamulo la madzi la 2013 silinagawire munthu aliyense nyanja. Lizi ndi kubwereka. Munabwereka malo omangapo nyumba, ndipo pali mzere umene simunayenere kuudumpha.

Mzerewo si wopeka. Mu 2024 nyanja inadzaza kuposa mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'makoteji ku Mangochi, ku Salima ndi kwina. Bungwe la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti kumanga kunsi kwa mzere wa mamita 477 n'kumanga m'malo a nyanja. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Nyanja sinabe puloti ya munthu, inangobwerera pake.

Ndiye tamverani kulira kumene kunamveka. Boma litithandize! Atsegule zitseko zonse za Kamuzu Barrage pa Liwonde madziwa apite! Apite kuti? Atsike Shire, akadutse pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira pamene timapangira magetsi, akathere m'minda ndi m'nyumba za anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, amene chaka chapitacho anali atangosambitsidwa kumene ndi namondwe Freddy. Bola khonde la bwana liume.

Taonani nzeru zake. Nyanja ikadekha, dzuwa likulowa bwino, ndi ya bwana yekha, wina asayandikire. Ikalowa kuchipinda chogona, yasanduka ya boma, tonse tisonkhe msonkho.

Anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja nawonso madzi aja anawagwetsera nyumba, ndipo amenewo ndi oyenera chisoni, chifukwa ambiri analibe kwina kolowera. Koma munthu amene anali ndi loya, wojambula mapulani ndi woyeza malo sanganene kuti sankadziwa. Ndipo amene anadinda mapulaniwo kukhonsolo ankayang'ana kuti? Pepala kapena envelopu?

Amfumu, ndi ulemu wonse, ndagwada, koma nanunso nkhaniyi sikuphonyani. Gombe simunalilandire kwa makolo kuti likhale sitolo yanu. Munalilandira kuti mulisungire mudzi, ndi ana a mudziwo amene sanabadwe. Lamulo la malo a m'midzi la 2016 linaika komiti ya malo, ya anthu osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa osankhidwawo theka akhale amayi. Linatero pofuna kuti nkhani ya malo isamathere pakhonde la munthu mmodzi usiku. Ndalama ya puloti imatha chaka chisanathe, njinga yamoto n'kuonongeka, malata n'kuchita dzimbiri. Koma akazi a m'mudzi mwanu adzazungulira khoma lija ndi ndowa pamutu mpaka kalekale, ndipo akamazungulira amatchula dzina lanu.

Yankho lachiwiri la bwana ndi lija la chitukuko. Tikubweretsa alendo, tikubweretsa ndalama zakunja, tikulemba anthu ntchito. Mukufuna kuthamangitsa oika ndalama?

Ayi, sindikuthamangitsa munthu. Hotela imangidwe, loji imangidwe, alendo abwere, achinyamata athu apeze ntchito. Chimene ndikukana ndi bodza loti mlendo sangabwere pokhapokha Mmalawi atabisidwa.

Pitani ku Chembe, ku Cape Maclear. Kumeneko mutha kuyenda pamchenga mtunda wautali, kudutsa kutsogolo kwa maloji, osakumana ndi khoma. Mayi akuchapa apa, mzungu akuwerenga buku apo, ana akusambira pakati pawo, msodzi akusoka ukonde pansi pa mtengo. Kodi alendo anathawako? Ndi amodzi mwa malo amene alendo amawadziwa kwambiri pa nyanja yonseyi. Mavuto aliko, osabisa, koma vuto la mlendo kuopa kuona mwini dziko kulibe.

Ndipo tisasokoneze hotela ndi koteji. Hotela imalemba ophika, operekera zakudya, ochapa, oyendetsa maboti, imagula nsomba ndi ndiwo zamasamba kwa anthu oyandikana nayo. Koteji ya bwana imakhala yokhoma pafupifupi chaka chonse, ntchito zake ndi mlonda ndi wosesa pabwalo. Doko limene linadyetsa mabanja ambirimbiri lasinthanitsidwa ndi malipiro a anthu awiri. Chitukuko chake n'chimenechi? Ndalama zakunja zake zili kuti, poti ogonamo ndi bwana yemweyo ndi alamu ake?

Anzathu otizungulira alendo amawalandira kuposa ife, koma gombe sanaligulitse. Lamulo la zachilengedwe la ku Tanzania la 2004 limaletsa zomangamanga zoononga gombe m'kati mwa mamita 60 kuchokera m'mphepete mwa nyanja, yamchere kaya ya madzi abwino. Lamulo la malo la ku Mozambique la 1997 linaika mamita 100 a m'mphepete mwa nyanja yamchere m'gulu la malo otetezedwa. Sindikunena kuti kumeneko kulibe ozembera malamulo. Alipo. Koma wozemba amadziwa kuti akuzemba.

Funsani achibale athu amene ali ku Joni. Pa tchuthi cha Disembala amapita kugombe la Durban kapena la Cape Town, amayala chitenje pamchenga kutsogolo kwa mahotela aatali osalipira kalikonse, n'kutitumizira zithunzi pa WhatsApp. Mmalawi wogwira ntchito ya m'munda ku South Africa ali ndi ufulu pagombe la eni kuposa umene ali nawo pagombe la kwawo. Sizikukuchititsani manyazi?

Ufulu umenewo sunagwe kumwamba. Nthawi ya tsankho magombe abwino kumeneko anali a azungu okha, zikwangwani zili poonekera. Mu Ogasiti 1989 Archbishop Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda magombe oletsedwawo pafupi ndi Cape Town, apolisi n'kuwalandira ndi agalu ndi zikoti. Chaka chomwecho chisanathe boma linatsegula magombe kwa mitundu yonse. Mu 2008 anakhazikitsa lamulo lonena kuti gombe ndi chuma cha anthu onse, boma likungosunga, ndipo makhonsolo ayenera kupatula njira zoti anthu azifikirako. Ife tsankho la khungu pagombe tilibe. Tili ndi la m'thumba, ndipo galu wa pageti sasiyanitsa.

Ngakhale ku America, kumene ndalama imalankhula mokweza kuposa kwina kulikonse, anthu wamba anaikaniza. Ku California mu 1972 anthu anatolera masaini okha, kuika nkhani ya gombe pa voti, n'kupambana. Lamulo lokhazikika linabwera mu 1976. Patapita zaka, mpondamatiki wina, Vinod Khosla, anagula malo a pa Martins Beach mu 2008 n'kukhoma geti la msewu umene anthu ankadzera popita kumadzi. Bungwe la okonda kusewera pamafunde la Surfrider Foundation linamutengera kukhoti. Anagonja, anachita apilo, anagonjanso, ndipo mu 2018 khoti lalikulu la dzikolo linakana kumva dandaulo lake. Munthu wa ndalama zoposa za mabwana athu onse a ku Nkopola ataziphatikiza.

Tsono pali yankho lachitatu, limene bwana salinena pagulu koma akakhuta. Anthu akumudziwa ndi auve. Amachita chimbudzi pamchenga, amataya mapepala apulasitiki, amabweretsa kolera ndi likodzo, amaba. Tikatsegula, gombe lionongeka.

Uve ulipo, sindikana. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Koma tafunsani kuti uvewo ukuchokera kuti. Mukatenga anthu a midzi ingapo, asodzi, ogula nsomba, ochapa, otunga madzi, osamba ndi ng'ombe zomwe, n'kuwapanikiza pakampata kamodzi kamene katsala pakati pa makoma, popanda chimbudzi ngakhale chimodzi, mukuyembekeza kuti pazinunkhira sopo? Mwawalanda malo, kenako mukuwanena kuti athithikana.

Mankhwala a uve ndi chimbudzi, mjigo, dzenje la zinyalala ndi komiti yolanga wophwanya malamulo. Khoma silinachizepo kolera. Madzi a kuseri kwa khoma ndi a kutsogolo kwa koteji ndi amodzi, mwera ukaomba amasakanikirana osapempha chilolezo. Ndipo zimbudzi za makoteji omangidwa pamchenga, zija zinamira mu 2024, zonyansa zake zinapita kuti? Ku Nyambadwe?

Zoti anthu akumudzi sangasamale nyanja, kanene ku Mbenje. Chilumba chimenechi, cha ku Salima, chakhala chikutetezedwa ndi ufumu wa Makanjira ndi anthu ake kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nyengo ya mvula chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, n'kudzatsegulidwa ndi mwambo mvula ikatha. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenje mpaka lero ndi wotchuka. Palibe waya wamagetsi, palibe kampani ya alonda. Pali anthu ogwirizana, ndi mfumu imene sinagulitse.

Makomiti a m'madoko, aja timawatcha ma BVC, anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitatha, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba. Ku Nkhata Bay makomiti a m'midzi ogwira ntchito ndi bungwe la Ripple Africa akhala akulanda maukonde a udzudzu amene ankapulula tiana ta nsomba, ndi kuteteza malo oswanirana chambo. Ena mwa makomitiwa ndi ofooka, ena analowa ziphuphu, zoona. Koma anthu amene tawakhulupirira kuti alondere nsomba za dziko lonse usiku, popanda malipiro, tikuti sangathe kusesa mchenga?

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'dziko muno gawo la nyanja lotetezedwa bwino ndi lamulo ndi lija tinatetezera nsomba. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala tija. N'zonyaditsa. Bungwe la Southern Region Water Board litafuna kumanga thanki ya madzi paphiri la Nkhudzi, m'kati mwa pakiyo, mabungwe oteteza chilengedwe anathamangira kukhoti, nkhani n'kumveka mpaka kunja. Kaya munali mbali iti pa mlandu umenewo, munaona kuti nzika zitha kuimika chimakina ndi pepala la khoti.

Ndiye kuti mbuna ili ndi loya. Phiri lili ndi loya. Nanga mayi amene njira yake ya kumadzi yatsekedwa ndi khoma, loya wake ndani?

Mabungwe athu a zachilengedwe ndi a zaufulu, mphamvu muli nazo. Tinakuonani pa nkhondo ya mapepala apulasitiki opyapyala, pamene makampani anakakamira kukhoti kwa zaka, Khoti Lalikulu la Apilo n'kugamula mu 2019 kuti chiletso chikhale, ndipo Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi mwayi wokadandaula kukhoti. Kapena nkhani ya gombe ikuvuta chifukwa misonkhano yanu yambiri mumachitira kuseri kwa makoma omwewo, alawansi ili m'thumba?

Zimene tikufuna si zodabwitsa. Boma lililonse la m'mphepete mwa nyanja, kuyambira Mangochi mpaka Karonga ndi Likoma yemwe, likhale ndi magombe a anthu onse. Osati kampata kotsala, koma malo abwino, oyezedwa, okhomedwa mabikoni, olembedwa m'kaundula m'dzina la anthu kuti khansala kapena bwanamkubwa wa mawa asadzagulitse. Pakhale mitengo ya mthunzi, zimbudzi, posinthira, ndi malo oti amayi a pamenepo azigulitsa chambo chootcha, mandasi ndi zibwente. Madoko a asodzi alembedwenso chimodzimodzi, pamodzi ndi malo a mathandala. Pakati pa mapuloti pazitsala njira yotakata yoti mayi wosenza ndowa ndi ngolo yomwe zidutse. Ndipo khoma lililonse lithere pamene pathera puloti. Lolowa pamchenga ligwe, njerwa zake zikamangire chimbudzi cha padoko.

Ndalama zake? Makhonsolo amatolera ziphaso m'misika ya nsomba tsiku ndi tsiku. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera. Alendo ogona m'mahotela amalipira msonkho wa zokopa alendo. Chimbudzi cha pagombe sichifuna ngongole ya ku World Bank.

Koma tisadzinamize kuti zimenezi zidzachokera ku Nyumba ya Malamulo zokha. Amene ali ndi koteji sangakweze dzanja kuti khoma lake ligwe, ndipo amene alibe akulota yake. Ku California anayamba ndi anthu oima pakhomo la sitolo ndi pepala la masaini. Ku Cape Town anayamba ndi atsogoleri a mipingo ndi anthu awo. Kuno mipingo ndi mizikiti ndi imene imatumiza mabasi ambiri kunyanja, ndipo ndi imene imabwezedwa pageti. Abusa, ansembe, mashehe, mwaona akhristu ndi asilamu anu akuvulira kuseri kwa chitenje padoko la nsomba. Kalata imodzi yosainidwa ndi mipingo ya m'Chiradzulu, mu Zomba ndi mu Blantyre, yogwirizana ndi makomiti a m'madoko a ku Mangochi, ingalemere patebulo la bwanamkubwa kuposa ndemanga ngati ino. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo ife a kumtunda tisaganize kuti matendawa ndi a kunyanja kokha. Yang'anani m'mbali mwa msewu wa Zomba muone mmene mapuloti akudyera mabwalo a mpira, madambo odyetsera ziweto ndi njira za kumanda. Wogulitsa ndi yemweyo, wodinda ndi yemweyo. Tikalephera kuteteza gombe limene dziko lonse likuliona, bwalo la ana a pa Njuli adzaliteteza ndani?

Poyambira pake ndi pafupi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo limaika nthawi yoti wofunsidwa ayankhe. Mphunzitsi wa ku Njuli, msodzi wa ku Makawa, mtolankhani wa ku Lilongwe, aliyense atha kulemba kalata ku Unduna wa za Malo ndi ku makhonsolo a Mangochi ndi Salima. Mafunso ake ndi ochepa. Malizi a m'mphepete mwa nyanja alipo angati, ndipo ali m'maina a ndani? Ndi nyumba zingati zili kunsi kwa mzere wa mamita 477, ndipo anazivomereza ndani? Ndi malo ati amene anapatulidwa kuti akhale gombe la anthu onse, ndipo lero pali chiyani?

Akayankha, tidzakhala ndi mapu oyambirapo. Akayamba kuzengereza, kuti fayilo yasowa, bwana ali kumsonkhano, bwerani mawa, tidzadziwa kuti pamndandandawo pali maina a anthu amene amasaina makalata a maofesi omwewo.